Ntchito ndinaipeza usiku magetsi atayaka

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli kwathu ku Mchinji, kaya kuno ku Lusaka, kaya ku Joni. Ndikulankhula ndili mchipinda changa ku Mtendere, ndiye mukamva phokoso kumbuyoku musadabwe, ndi jenereta ya aneba amene ali ndi saluni. Lero ndikufuna ndiyankhe funso lomwe anyamata akumudzi amanditumizira pafupipafupi pa WhatsApp, amati achimwene kumeneko ntchito ziliko? Ndingokuuzani mmene ine ndinayendera.

Ine ndimawotcherera zitsulo, mageti, mafelemu a zitseko, mabagalaba, ntchito ndinaphunzirira kwa Biwi ku Lilongwe. Mu Novembala 2023 kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti zitsulo zinakwera mtengo, anthu anasiya kumanga, abwana anangoti anyamata tayambani mwapuma kaye tidzakuitanani. Sanatiitanenso. Mu Januwale 2024 ndinadutsa pa Mwami, kugona ku Chipata, kenako basi tsiku lonse pa Great East Road kuwoloka Luangwa mpaka kudzatsikira pa Intercity, depoti ya mabasi kuno ku Lusaka, mmutu ndikuwerengera kuti kwacha ya kuno ndi yamphamvu kuposa yathu ndiye ndikagwira miyezi itatu yokha mayi akumudzi ndiwagulira feteleza.

Koma ndinafika nthawi yoipa abale. Kolera inali itavuta mpaka odwala ankawagoneka ku Heroes Stadium, sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Mvula inadula chimanga chili mmawondo, kumapeto kwa Febuluwale apulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Ndiye dziko lino magetsi ake ambiri amachokera ku madzi, ku Kariba ndi ku Kafue, madzi atatsika ku Kariba load shedding inayamba maola 8 patsiku kenako kumangowonjezeka, pofika Seputembala madera ena magetsi ankayaka maola atatu okha patsiku. Thumba la ufa la 25 kg linadutsa K300 ya kuno, ambiri mu komboni tinkagula ka pamela, timapepala ta ufa tongokwanira nsima ya tsiku limodzi. Tsono taganizani munthu wowotcherera kusaka ntchito mtauni yopanda magetsi.

Masabata oyamba ndinkavala shati yositidwa ndi simbi ya makala, envulopu ya khaki mmanja, kuyenda wapansi Lumumba Road yonse mpaka ku mafakitale, geti ndi geti. Funso loyamba paliponse linali lakuti NRC ili kuti, chitupa cha nzika za kuno, ndipo pamenepa mumvetsetse anyamata, chidindo chimene amakudinda pa boda ndi cha mlendo wodzacheza, chilolezo cha ntchito ndi china ndipo sichapafupi. Mlonda wina wachikulire pa fakitale ina analandira envulopu yanga, anaiyang'ana, nkundibwezera ndi manja awiri, akuti mwana wanga usataye pepala lako, amene ali mkatimu akuwachotsa, makina angokhala. Ndinakhala pansi pamthunzi wa mpanda wawo kwa kanthawi ndithu, miyendo inakana.

Ndalama zitatha ndinapita ku Soweto Market kukakankha wilibala, kunyamula mabokosi a tomato ndi matumba a anyezi kuyambira 4 koloko mmamawa. Ganyu ameneyu sindimunyoza, ndi amene anandidyetsa miyezi inayi komanso kulipira lendi. Chimene chinkandipweteka ndi foni ya mayi, akafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji mwanawe ine nkumangoti bwinobwino, mapewa atatupa.

Mayi wina wogulitsa tomato yemwe ndinkamunyamulira katundu, wa ku Katete, Chichewa chake ngati cha kwathu komwe, ndi amene anaona zipsera za moto mmanja mwanga nkufunsa kuti kodi iwe ntchito yako yeniyeni ndi chani. Mawa lake ananditumiza kwa achimwene ake ku Kalingalinga, uko mukadutsa mumangoona mageti ndi mafelemu atandandalikidwa mmbali mwa msewu. Mdala uja envulopu sanaifunse nkomwe. Anandilozera zidutswa ziwiri za chitsulo nkunena kuti undilumikizire izi ndione dzanja lako, koma magetsi kulibe, ngati ukuifunadi ntchito ugone pompano udikire.

Ndinagona pa makatoni kuseli kwa shedi, babu titalisiya loyatsa kuti lidzatidzutse. Cha mma 1 koloko usiku linayaka, ndipo komboni yonse inadzuka nthawi imodzi, uku magalayinda kulira, uku chigayo, azimayi kuthamangira kutchaja mafoni ndi kusita mayunifomu a ana, kuwala kwa buluu kwa owotcherera kukung'anima mpanda ndi mpanda ngati mphezi. Manja ankanjenjemera chifukwa panali patadutsa miyezi isanu ndi iwiri ndisanagwire makina, rodi yoyamba inamata, yachiwiri inayenda. Nditagogoda makoko otsalira pamwamba pa powotchererapo mdala anaunika ndi tochi ya foni, anapitsa chala pamzerewo kawiri, kenako anamenyetsa chitsulocho pansi mwamphamvu, sichinasiyane. Sananene kuti walembedwa ntchito, anangondilozera geti lomwe linali theka nkuti tamaliza ilo asanazime.

Anazima 4 koloko isanakwane, geti litatsala mahinjesi okha. Malipiro ake ndi a pa chidutswa, geti likagulidwa ndiye umalandira, sabata zina osalandira kanthu. Miyezi imene ija tinkagona masana nkumagwira usiku, aliyense khutu lili ku babu. Ndalama yoyamba ndinagula ka pamela kawiri ndi kapenta, yotsalayo ndinapatsira dalaivala wa ku Chipata kuti akasiyire mlongo wanga pa boda, ndipo madzulo ake mayi anaimba foni kuti yafika, agula mbewu kaye, feteleza adikira ya mwezi wamawa.