Wapampando wa Komiti ya Sukulu Akakhala Yemweyo Wogulitsa Simenti

(Pa kanema: makolo atakhala pansi pa mtengo pasukulu ya pulayimale)

Moni makolo anzanga. Lero tikambe za chisankho chimene ambirife timachipeputsa, chisankho cha komiti ya sukulu. Mwana akabweretsa kakalata koti Lachisanu kuli msonkhano, timati apite ena, ife tili kumunda. Koma amene asankhidwe tsiku limenelo ndi amene adzagwire ndalama za ana athu.

Boma litathetsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zophunziriramo zinachepa, ntchito youmba njerwa ndi kututa mchenga inagwera makolo. Lero sukulu za boma zili ndi PTA, yomwe ndi bwalo la makolo ndi aphunzitsi, SMC, yomwe ndi komiti ya sukulu yoyendetsa chitukuko, komanso gulu la amayi loyang'anira atsikana kuti asasiye sukulu. Ndipo boma limatumiza ndalama zotukulira sukulu, zotchedwa SIG, ku akaunti ya sukulu. Mpando wa komiti tsopano uli ndi ndalama.

(Pa kanema: matumba a simenti ndi malata m'sitolo)

Taganizani bambo wina amene ali ndi hadiweya pamsika. Ndi munthu wolemekezeka, pamaliro amathandiza, galimoto yake yanyamulapo odwala ambiri usiku. Makolo akumusankha kukhala wapampando, ndipo m'pomveka. Patapita miyezi ingapo, sukulu ikufuna malata ndi simenti ya zimbudzi za atsikana. Komiti yatenga mitengo m'masitolo atatu, imodzi mwa masitolowo ndi yake. Wotsogolera zokambirana ndi iye. Wosaina ku banki ndi iye. Wolandira ndalamazo ndi iyenso.

Sindikunena kuti bamboyu ndi wakuba, ayi. Mwina mtengo wake ndi wabwinodi. Vuto ndi lakuti wogula ndi wogulitsa ndi munthu mmodzi. Simenti ikabwera youma, adzamubwezera ndani? Matumba akaperewera awiri, ndani adzatsegule pakamwa, poti ndi yemwe uja anatinyamulira wodwala?

Zimachitikanso kuti msungichuma ndi mkazi wa ahedi. Anthu awiri amene amayenera kuunikana akudyera mbale imodzi. Kwina wowerenga mavoti ndi mphwake wa amene akupikisana nawo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuvota kokweza manja amfumu ali pomwepo, m'bale wawo ali pamndandanda. Mayi wamasiye amene munda wake anapatsidwa ndi amfumu omwewo sangatsitse dzanja, ngakhale mumtima akukana.

Wina anena kuti, "Nanga m'mudzi muno alipo amene si m'bale wa wina?" Zoona. Tikati aliyense wachibale asaime, komiti sipezeka. Chofunika ndi chakuti ubalewo unenedwe poyera tisanavote. Aliyense wofuna mpando aimirire, anene yekha: ndili ndi sitolo, mlamu wanga ndi mmisiri womanga, mkazi wanga amaphunzitsa pasukulu pano. Makolo akamusankhabe, amusankha akudziwa. Akatero avomere pamaso pa onse kuti nkhani yokhudza bizinesi yake kapena m'bale wake ikafika, atuluka panja, wachiwiri wake atsogolere, ndipo mlembi alembe m'buku kuti anatuluka. Koma pa nkhani ya osaina ku banki, ine ndikuti pasakhale kunyengerera: anthu a nyumba imodzi asasaine onse awiri.

(Pa kanema: timapepala tikuponyedwa m'katoni)

Voti yachinsinsi sifuna ndalama. Mapepala a kope ndi katoni ya sopo zakwana. Amene sadziwa kulemba atha kuchonga pachizindikiro cha munthu amene akumufuna. Mavoti awerengedwe pomwepo, mokweza mawu, ndi anthu amene sakupikisana nawo.

Chisankho chikatha, pemphani kuti ndalama zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pakhoma la ofesi teremu iliyonse, malisiti alipo. Komiti ikakana, kapena ikakhalitsa osaitanitsa chisankho china, pitani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yanu, ku TDC komwe kuli ofesi yawo. Kumeneko zikakanika, kafikeni ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lanu, ndipo mupite muli angapo, mutatenga kalata yosainidwa ndi makolo.