Zisudzo za ku Malawi: kumene zinachokera ndi mmene sewero la pabwalo limakonzedwera

Zikomo a Gogochalo, a Gulupu ndi mafumu nonse, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata a magulu a zisudzo a kuno ku Kasungu. Amene muli kumbuyoko tasenderani pafupi.

Ambiri amaganiza kuti zisudzo zinabwera ndi sukulu. Sukulu inabweretsa nsanja, chinsalu chotseka ndi kutsegula, ndi mawu olembedwa oti munthu aloweze. Koma kutengera khalidwe la wina pamaso pa anthu kunalipo kalekale. Agogo akati "Padangotero," ana n'kuvomera "Tili tonse," ankasintha mawu, pano ndi Kalulu, pano ndi Fisi. Amayi pamtondo ankamuimba mwamuna waulesi iye ali pakhonde akumva. Za kudambwe sitizinena pano, mafumu mukudziwa, koma zimene aliyense amaona pabwalo n'zakuti Simoni wofiira nkhope uja ndi Maliya amatikumbutsa mmene makolo ankawaonera alendo obwera ndi zachilendo. Mganda wathu womwewu, ndi yunifolomu zake ndi malipenga a zikho, ndi perete wa asilikali amene makolo anamutenga n'kumusandutsa gule.

Masewero a pansanja anakula kwambiri kuyambira 1969, pamene bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linayambitsa mpikisano wa zisudzo m'sukulu za sekondale. Mpikisanowu unasula akatswiri ambiri, koma unali wa m'Chingerezi, ndiye kholo lolipira fizi linkangoona mwana wake akugwedeza manja osamva kanthu. Panalinso lamulo la 1968 limene linakhazikitsa Censorship Board. Sewero lisanaonetsedwe, zolemba zake zinkayenera kukavomerezedwa kaye. Olemba anaphunzira kuphiphiritsa: nkhani ya lero ankaibisa m'nthano kapena m'mbiri yakale. A Steve Chimombo, mwachitsanzo, anatenga nkhani ya Mbona n'kuiika pansanja.

Mwa ana a ATEM, wotchuka kwambiri ndi Du Chisiza Junior, amene anayamba kudziwika ali pasukulu ya HHI ku Blantyre. M'chaka cha 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo anaonetsa kuti munthu angadye ndi zisudzo, kuyendayenda m'maholo anthu n'kumalipira pakhomo. Anamwalira mu 1999. Mayi Gertrude Kamkwatira, amene ankasewera mu Wakhumbata, anadzayambitsa gulu lawo la Wanna-Do, akulemba okha ndi kutsogolera okha, mpaka pamene anatisiya mu 2006. Atsikana inu dzinali muligwire, chifukwa m'magulu ambiri mumangopatsidwa malo a mkazi wolira.

Chichewa chinalowera kwina. Pa wayilesi ya MBC panali Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Kenako, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kunabwera gulu la Kwathu, limene linkadzaza French Cultural Centre ku Blantyre. M'gulu limeneli munali a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, aja tonse timawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. A Nyanga anamwalira mu 2016, a Mabedi mu 2021. Luso lawo silinali kukuwa ayi. Wina ankaponya mawu, mnzake n'kudikira kaye anthu amalize kuseka asanayankhe. Kudikira kumeneko n'kumene magulu ambiri a masiku ano akusowa.

Tsopano mbali imene ikutikhudza ife a kumudzi. Ku Chancellor College ku Zomba kunali gulu loyendayenda la Travelling Theatre. Motsogozedwa ndi a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, gululi linayamba kupita m'midzi ndi masewero a m'chilankhulo cha anthu: ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, kenako m'midzi ya ku Liwonde kuyambira 1985 pa nkhani za umoyo. Iwo anapeza kuti sewero lobwera lophikaphika kuchokera kutauni anthu amaliombera m'manja, koma mawa lake palibe chasintha. Ndiye anasintha kachitidwe, ndipo kachitidwe kameneko ndi kamene tikufuna mukagwiritse ntchito.

Choyamba mupite kwa amfumu, muwauze nkhani imene mukufuna kuikhudza. Mukatero mukhale m'mudzimo masiku awiri kapena atatu mukumvetsera: pamjigo, pachigayo, pamsika, pabawo. Musafunse ngati apolisi. Ngati nkhani ndi ya matenanti m'maesiteti a fodya, mumve mawu enieni amene tenanti amanena pamene ngongole ya chakudya yadya malipiro ake onse a chaka. Mawu amenewo ndiwo alowe m'sewero. Koma dzina la munthu, la mudzi, ngakhale kayendedwe kodziwika ka munthu wa m'mudzimo, musatengere. Anthu akangozindikira kuti uyu ndi uje, sewero latha, chatsala ndi mlandu.

Musalembe mawu onse. Gwirizanani zigawo zinayi kapena zisanu, aliyense adziwe chimene akufuna m'chigawo chilichonse, mawu azibwera poyeserera. Osewera asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu akwana, akachuluka amaphimbana. Sewero lonse lisapitirire mphindi 40, chifukwa zokambirana zikufunanso nthawi yake, ndipo amayi ayenera kukaphika dzuwa lisanalowe. Nthawi yabwino yoyambira ndi cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, ndipo muyambe ndi ng'oma ndi nyimbo yodziwika, monga ya chimtali, kuti anthu asonkhane okha.

Pabwalo palibe nsanja. Anthu amakuzungulirani, choncho nthawi iliyonse wina wamupatsa nkhongo. Mankhwala ake ndi kusaima malo amodzi: mukanena mawu ofunika, tembenukani, mnzanu awabwereze ngati funso kuti a mbali inayo amve. Bwalo likhale la mapazi khumi kapena khumi ndi awiri kuchoka mbali ina kufika ina. Likakula kuposa apo mawu amathera m'mphepo, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye. Poyeserera, mmodzi aziima patali pansi pa mtengo, azikweza dzanja akasiya kumva. Mawu achokere m'mimba, osati pakhosi, apo ayi pofika chigawo chachitatu mwasasa.

Pamene nkhani yafika pothina, imani. Tinene kuti bambo wagulitsa fodya, ndalama zathera ku tauni, mwana wabwezedwa kusukulu. Wosewera mayi uja atembenukire kwa anthu, osavula khalidwe lake, afunse kuti, "Amayi anzanga, ndichite chiyani?" Akafunsa adikire. Pamakhala chete pang'ono, ndipo osewera amantha amathamangira kudziyankha okha. Pamenepo ndiye mwawalanda anthu sewero lawo. Wina akayankha, yesani yankho lakelo pomwepo, anthu aone ngati likugwira. Muonetsetse kuti amayi ndi achinyamata alankhula akuluakulu asanatseke nkhani, pakuti mfumu ikalankhula ambiri sawonjezeranso.

Cholakwika chimene chimapha masewero ambiri ndi chidakwa chija. Gulu lililonse lili naye woseketsa wovala sanza, wodzandira. Anthu amamukonda, iye n'kumatalikitsa gawo lake, mapeto ake anthu akupita kwawo akutengera kudzandira kwake, za mwana wobwezedwa kusukulu aiwala. Mpatseni malo awiri okha, poyamba kuti akope anthu ndi pakati kuti apumitse mitima, ndipo pa chigawo chofunsa anthu asaoneke n'komwe.

Mmodzi wa inu asasewere, akhale ndi kope n'kumalemba zimene anthu agwirizana, ndani achita chiyani, pofika liti. Kopelo muwawerengere amfumu anthu asanabalalike, ndipo mugwirizane tsiku lobweranso, pakatha mwezi umodzi, kudzaseweranso nkhani yomweyo kuyambira pamene inalekera.