Kadontho kamodzi kokha pakati pa Python ndi MATLAB

Moni nonse. Lero titumiza nambala kuchokera ku Python kupita ku MATLAB, zilankhulo ziwiri zolembera mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ndikusonyezani pomwe ambiri amapunthwira osadziwa.

Mlatho wake ulipo kale. A MathWorks, eni MATLAB, anabweretsa Engine API ya Python kuyambira mu R2014b. Mukaiika pa kompyuta, mizere iwiri yakwana.

Pa sikirini:
import matlab.engine
eng = matlab.engine.start_matlab()

Dikirani pang'ono, MATLAB sadzuka msanga. Akadzuka, pali workspace, yomwe ili ngati mkeka umene mbali zonse ziwiri zimayalapo katundu wawo. Tiyeni tiyalepo 7, kenako timuuze MATLAB agawe pawiri.

Pa sikirini:
eng.workspace['x'] = 7
eng.eval('y = x/2;', nargout=0)
print(eng.workspace['y'])

Mwana wa pulayimale angakuuzeni kuti yankho ndi 3.5. Taonani apa: 4. Palibe chenjezo, palibe zilembo zofiira, zii. Choopsa n'chimenecho, chifukwa mutha kulemba lipoti lonse ndi masamu opotoka.

Chachitika n'chiyani? Mukalemba 7 mu MATLAB momwemo, amamutenga ngati double, nambala yololeza madesimali. Koma 7 wochokera ku Python amafika ngati int64, nambala yathunthu, ndiye 3.5 uja amakankhidwira ku 4. Mankhwala ake ndi kadontho. Lembani 7.0, muone 3.5 akubwera. Bola sqrt, yopezera square root, iyo imakana poyera ikapatsidwa int64, munthu n'kudziwiratu kuti walakwitsa.

Mndandanda nawonso uli ndi khalidwe lake. List ya Python imafika ngati cell array, yomwe simungachite nayo masamu a matrix. Ikulungeni mu matlab.double kaye. Kuyambira R2022a, matlab.double imalandiranso array ya NumPy (laibulale ya masamu ya Python) mwachindunji.

Musaiwalenso kawerengedwe. Python amayamba ndi 0, MATLAB ndi 1, monga Fortran, chilankhulo chimene Cleve Moler analembera MATLAB yoyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Chinthu cha nambala 4 mu Python ndi cha nambala 5 mu MATLAB.

Laisensi ya MATLAB njodula, sitingabise. Ngati mulibe, GNU Octave, pulogalamu yofanana ndi MATLAB, njaulere ndipo oct2py imailumikiza ndi Python. Kapena sungani zonse mu fayilo ya .mat ndi scipy.io.savemat, mnzanu amene ali ndi MATLAB akatsegule yekha ndi load. Musanamutumizire, muuzeni alembe whos aone ngati x wafika ngati double.