Mawu a m'mawa: Mwana akamapemphera, musamudule mawu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lero tiwerenge Marko 10:13-16, pamene ophunzira ankakalipira anthu obwera ndi ana, Yesu n'kuwauza kuti asawaletse. Mawuwa akupita makamaka kwa inu agogo, azakhali ndi alezi a kuno ku Kasungu amene mumatsala ndi ana a eni, makolo ali m'chigafa kusoka fodya kapena atapita naye ku okushoni ku Chinkhoma.

Pemphero la mwana limayambira pa mbale ya nsima. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13, kuphatikiza tulo ta masana. Chakudya chikachedwa mpaka 9 koloko, amawodzera mbamu ili m'manja, ndipo mukamudzutsa kuti apemphere mupeza kulira kokhakokha. Adye cha m'ma 6, asambe m'manja ndi m'mapazi, akakodze kaye kuti asanyowetse mphasa. Neti muipisire kunsi kwa mphasa mbali zonse. Kandulo kapena koloboyi zikhale kutali ndi netiyo, chifukwa siichedwa kugwira moto. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye musasiye mbaula ya makala m'chipinda chotseka: mpweya wake sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.

Zikatero, khalani pansi pambali pake, foni ili poteropo. Wa zaka 2 kapena 3 azingobwereza pambuyo panu mawu ochepa chabe: "Yesu, zikomo. Mutisunge usiku uno. Ameni." Basi. Pemphero la Ambuye lonse ndi lalitali kwa msinkhu umenewu, mudzamuphunzitsa pang'onopang'ono akamakula. Wa zaka 4 kupita m'tsogolo mufunseni kuti lero athokoza chiyani ndipo apempherera ndani, kenako inu khalani chete.

Apa ndi pamene akuluakulu ambiri timalakwitsa. Mwana apempherera nkhuku yodwala, nsapato zakusukulu, amayi kuti abwere ndi mandasi, ife n'kuphulika kuseka kapena kumukonza kuti sapemphera choncho. Mwana wosekedwa kamodzi mawa lake amakana, amvekere "pempherani ndinu". Chonsecho iye wachita zomwe 1 Petro 5:7 imatiuza, kutula kwa Mulungu nkhawa iliyonse. Nkhuku ija kwa iye ndi nkhawa yeniyeni. Ndipo taonani: akangoti ameni amatembenuka n'kugona, pomwe ife timati ameni n'kuyambanso kuwerengera ngongole ya feteleza mpaka tambala woyamba. Pa Mateyu 18:3 Yesu sananene kuti ana afanane ndi ife, anati ife titembenuke tikhale ngati iwo.

Chinanso, musamuopseze. Nthano za afiti ndi afisi si za nthawi yogona, ndipo mawu akuti "ukapanda kupemphera Mulungu akulanga" amaphunzitsa mwana mantha, osati chikhulupiriro. Akamaopa mdima kapena akamalirira amayi ake, musamunamize kuti ali panjira ngati afika mawa. Muuzeni zoona, mantha omwewo muwaike m'pemphero, ndipo mumuuze mwachidule za Masalimo 4:8, kuti timagona mumtendere chifukwa wotisunga ndi Yehova. Ngati ndi mwana wa anthu a mpingo wina, funsani makolo ake momwe amapempherera kwawo. Mlezi si woti asinthe chipembedzo cha mwana wa mwini.

Musanachoke, mugwireni pamphumi. Thupi likatentha, pempherani ndithu, koma dziwitsani makolo ndipo akayezetse malungo pasanathe maola 24. Akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena akamakanika kuyamwa, musadikire kuti kuche, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo. Khanda losakwana chaka muligoneke chagada, nkhope yosafundidwa.