Dzalanyama: Mapiri Ogawa Madzi Pakati pa Malawi ndi Mozambique

[Chithunzi: mzere wa mapiri kutali, woonekera ku Likuni]

Kunja kukayera bwino, imani pamalo okwera ku Likuni kapena ku Chinsapo n'kuyang'ana kum'mwera chakumadzulo. Mzere wa mapiri umene mukuuonawo ndi Dzalanyama. Kuseri kwake ndi dziko lina, chigawo cha Tete ku Mozambique. Madzi a pampopi wanu ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mchesi amachokera kumeneko.

[Chithunzi: chibenthu cha mwala m'manja]

Tiyambe ndi mwala. Msana wa Dzalanyama ndi mwala wolimba wa granite, ndipo pambali pake pali wina wa mizeremizere wotchedwa gneiss. Miyalayi ili ndi zaka zoposa 500 miliyoni. Si mapiri ophulika moto ayi. Granite amapangika mwala wosungunuka ukazizira pang'onopang'ono pansi penipeni pa nthaka, n'chifukwa chake mukaswa chibenthu mumaona timibulu tooneka ndi maso: toyera ngati galasi, totuwa kapena tofiirira, ndi takuda tonyezimira. Mvula ya zaka mamiliyoni inakokolola miyala yofewa yozungulira n'kusalaza chigwa cha Lilongwe, chimene chili pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene palekeza nyanja yamchere. Mwala wolimbawo unatsala njo, ndipo nsonga zake zimapitirira mamita 1,500.

Apa mvetserani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Granite payekha sasunga madzi. Madzi amakhala m'ming'alu ya mwala, m'dothi lofumbutuka lokuta mwalawo, ndi m'madambo a m'munsi. Timibulu totuwa tija tikafumbwa timasanduka dongo, toyera timasanduka mchenga. M'malo otsetsereka dothi limeneli ndi lochepa kwambiri, ndipo chimene chimaligwira ndi mizu ya mitengo basi.

[Chithunzi: mapu, mitsinje ikuyenda mbali ziwiri]

Dzalanyama ali ngati denga la nyumba. Mvula yogwa mbali ya kum'mawa imalowa m'mitsinje ya Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imathira mu Linthipe, amene amakathira m'nyanja ya Malawi cha ku Salima, mamita oposa 500 kutsika kuchokera mumzinda uno wa Lilongwe. Yogwa mbali ya kumadzulo imatsata mitsinje ya ku Mozambique mpaka Zambezi.

Mzere wogawa madziwu ndiwonso malire a dziko. Mu Januwale 1890, Britain inalamula Portugal, imene inkalamulira Mozambique, kuchotsa asilikali ake m'dera la mtsinje wa Shire. Mkanganowo unatha ndi pangano la pa 11 Juni 1891, ndipo kuchigawo chino anagwirizana kuti malire atsate pogawikana madzi a Zambezi ndi madzi a nyanja. Mzerewo umachoka ku mapiri a Kirk ku Ntcheu, kudutsa Dedza, kukwera pamsana pa Dzalanyama, mpaka kukakumana ndi malire a Zambia. Ndi chifukwa chake pamsewu wa M1 cha ku Lizulu, mbali ina ya msewu ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique. Ndiye mukamayenda pamwamba pa Dzalanyama n'kuona kamtsinje kakulowera kumadzulo, bwererani. Mwalowa dziko la eni, ndipo polowera povomerezeka ndi pachipata cha Dedza.

Kwa olemba mapu ku Ulaya, mzerewu unali wosavuta kujambula. Koma unadutsa pakati pa anthu amodzi. Mbali zonse ziwiri kuli Achewa, a kwa Banda ndi a kwa Phiri, akuvina gule wamkulu yemweyo. Nkhondo ya pachiweniweni itakula ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ambiri ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza, ndipo ena anafikira kwa abale awo enieni. Anayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome mu Okutobala 1992.

[Chithunzi: thanthwe lalikulu m'nkhalango]

Kwa Achewa, mapiriwa si m'mphepete mwa dziko, ndi pachiyambi pake. Mbiri ya makolo imati pa Kaphirintiwa, kuno ku Dzalanyama, ndi pamene Chauta anatsika ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama, mwala ukadali wofewa, mapazi n'kudindika pamenepo. Chapafupi panali kachisi wa Msinja, kumene Makewana, mayi woyang'anira kachisiyo, ankatsogolera nsembe zopempha mvula, mpaka nkhondo za Angoni zinasokoneza malowa m'zaka za m'ma 1800. Makolo anaika kachisi wa mvula m'dera limene mitsinje imayambira, ndipo sitikuganiza kuti zinangochitika mwangozi.

[Chithunzi: damu la Kamuzu ku Malingunde]

Boma la atsamunda linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Dzalanyama mu 1922, mahekitala pafupifupi 99,000 okhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, cholinga chachikulu n'kuteteza magwero a mitsinje. Damu loyamba la Kamuzu linamangidwa pamtsinje wa Lilongwe mu 1966, lachiwiri mu 1989. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, anthu anachulukana, ndipo ambiri mpaka lero amaphikira makala. Mzinda womwe ukumwa madzi a Dzalanyama ndi womwe ukudya nkhalango yake, thumba ndi thumba, panjinga zimene timakumana nazo m'bandakucha pamsewu wa Likuni. Mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi.

Zimaonongeka motere. Uvuni wokwirira ndi dothi umawononga nkhuni zambiri: pa makilogalamu 100 a mitengo, makala otuluka nthawi zambiri sapitirira makilogalamu 20. Owotcha amasankha mitengo yolimba ya miombo, monga tsamba ndi mombo, yomwe ndi nsanamira za nkhalangoyi. Mitengo ikachoka, mvula ya Disembala ndi Januwale imamenya dothi mwachindunji. M'malo molowa pansi, madzi amathamanga pamwamba atanyamula dothi lochepa lija. Zotsatira zake ndi zitatu. Dothi limakadikha m'damu, malo osunga madzi n'kuchepa. Madzi ofika koyeretsera amakhala amatope, ndiye a Lilongwe Water Board amafunika mankhwala ambiri owayeretsera. Ndipo popeza m'ming'alu ndi m'madambo simunalowe madzi okwanira, mtsinje umaphwera msanga mu Okutobala, nthawi imene mzinda ukuwafuna kwambiri.

[Chithunzi: chitsa chophukira]

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti miombo siifa msanga. Mukadula mtengo, mizu imakhala yamoyo ndipo chitsa chimaphukira. Pamalo ambiri odulidwa, kusamalira mphukirazi kumapindula kuposa kubzala mbande zatsopano, zimene zimauma chilimwe choyamba chifukwa mizu yake sinafike pachinyezi. Njira yake ndi iyi: pachitsa pakaphuka mphukira zambiri, sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo duleni kuti zisalimbirane chakudya. Ziweto zisadyepo zaka zoyambirira. Ndipo musazule chitsa, chifukwa wozula chitsa kuti awotche makala ndiye wapha mtengowo kotheratu.

Mdani winanso ndi moto. Moto wa Seputembala ndi Okutobala, uja amayatsa osaka mbewa ndi nyama udzu utauma gwa, umatentha kwambiri mwakuti umapha mphukira zonse zazifupi. Akatswiri a nkhalango amalambula njira zotchinga moto mvula ikangotha, kenako amatentha okha cha mu Meyi kapena Juni, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, udzu ukadali ndi chinyezi. Moto wotere umayenda pansipansi, umadya udzu wouma n'kusiya mitengo. Mukachedwa mpaka Ogasiti, mphepo yayamba ndipo udzu wauma kale, ndiye musayatsenso, ingolimbikirani kulambula njira zija ndi kulondera mpaka mvula yoyamba.