Muli ndi chiyani m'nyumbamo?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa 2 Mafumu 4:1-7.

Mayi wamasiye anafika kwa Elisa zinthu zitamuthina. Mwamuna wake anamwalira atasiya ngongole, ndipo mwini ndalamayo ankabwera kudzatenga ana ake awiri kuti akakhale akapolo. Elisa anamufunsa kuti ali ndi chiyani m'nyumba mwake. Mayiyo anayamba ndi kunena kuti alibe kanthu, kenaka n'kutchula kamtsuko ka mafuta, ngati kanthu kosayenera n'kukawerengera komwe.

Funso lomweli anadzifunsa mnyamata wina wa ku Texas ku America, Robert Rodriguez, mu 1991. Anali ndi zaka 23, akuphunzira pa yunivesite ku Austin, ndipo ankafunitsitsa kujambula filimu yaitali koma m'thumba munali mbee. Iye ndi mnzake Carlos Gallardo anayamba ndi kuwerenga zimene angazipeze kwawo kwa Gallardo, ku Ciudad Acuña, tauni ya m'dziko la Mexico yomwe ili m'malire ndi Texas. Anapeza kuti pali njinga yamoto, basi, galu, malo omwera mowa, ndende ya m'tauni momwemo, ndi chikwama cha gitala. Ngakhale fulu amene anamutola panjira anapatsidwa malo ake. Nkhani ya filimuyo anailuka mozungulira zinthu zomwezi: woimba gitala afika m'tauni kudzafuna ntchito, anthu n'kumusokoneza ndi chigawenga chifukwa onse awiri avala zakuda ndipo anyamula chikwama chofanana. Filimu ya m'Chisipanishi yotchedwa El Mariachi inabadwa chomwecho, pa ndalama zokwana pafupifupi madola 7,000.

Ndisanapitirire, filimuyi ili ndi mfuti ndi magazi, si yoonera ndi ana. Komanso zina mwa ndalamazo Rodriguez anazipeza podzipereka kuti amuyeserepo mankhwala atsopano, ndipo m'mawa uno sindikutuma munthu kukachita zimenezo.

Chimene chimandigwira mtima ndi kubwereka. Kamera inali yobwereka, ndipo inkasokosa kwambiri moti mawu ankawajambula padera, akamaliza kutenga zithunzi. Akafuna kuti kamera iyende bwinobwino osagwedera, ankakhala pa njinga ya olumala yobwereka kuchipatala, wina n'kumamukankha. Osewera ambiri anali anthu wamba a m'tauniyo. Amene anasewera ngati bwana wa zigawenga, Peter Marquardt, anakumana naye koyesa mankhwala kuja, ndipo Chisipanishi sankachidziwa n'komwe.

Bwererani kwa Elisa. Sanauze mayi uja kuti akhale pansi adikire chozizwitsa. Anamutuma kwa anansi ake onse kukabwereka ziwiya zopanda kanthu, ndipo anamuchenjeza kuti asabwereke zochepa. Taganizirani mayi amene mudzi wonse ukudziwa kuti ali m'ngongole, akuyenda khomo ndi khomo, odi kuno, odi uko, kupempha mitsuko. Pamenepa mpamene ambirife timagwa. Kupemphera timatha, kusala kudya timatha, koma kupita kwa mnansi kukanena kuti "tandibwerekeniko makina anu osokera" kumatilemera, poopa kuti atiseka. Chonsecho mafuta aja analeka kutuluka pamene mwana anauza mayi ake kuti chiwiya china palibe. Anadzaza mitsuko yokhayo imene mayiyo analimba mtima kukabwereka.

Timakondanso kuwerenga zimene tilibe: mpamba, galimoto, wachibale wa maudindo woti atikokere. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Luso lophika, kamunda kakuseri, foni imene mukuwerengerapo mawuwa, mnzanu amene ali ndi shopu ndipo angalole kuikamo katundu wanu, zonsezi zili m'nyumbamo kale.

Rodriguez ankangofuna kugulitsa filimu yake kwa ogulitsa matepi a Chisipanishi, koma sizinatheke. Inakathera m'manja mwa kampani ya Columbia Pictures, n'kulandira mphoto ya oonera pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance mu 1993, ndipo mu 2011 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaiika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa. Sindikulonjeza kuti aliyense wa ife zimuyendera chonchi, ndipo ndimadandaula ndi alaliki amene amalonjeza zotere. Mayi uja sanasanduke mpondamatiki. Elisa anamuuza kuti agulitse mafutawo, abweze ngongole, zotsalazo azidya ndi ana ake. Anawo sanapite ku ukapolo.

Tiyeni tipemphere. Atate, titsekuleni maso tione zimene mwatipatsa kale, ndipo mutichotsere manyazi amene amatiletsa kugogoda pakhomo la mnansi. Kumbukirani amasiye ndi onse amene adzuka ngongole ili pakhosi lero. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.