Tiyanjane, mvetsera za kazilo kaja ka madigiri

Tiyanjane, ndine achimwene ako kuno ku Johannesburg. Funso lako la mmene ungapezere ndi kulembera kazilo ka madigiri (°) ndalimva, ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu, chifukwa zoti ndilembe zonsezi pa foni zala zanga sizingathe. Tenga calculator yako uikhazike pafupi, uzidina pamene ndikulankhula. Ngati amayi ali pomwepo uwapatse moni wanga, ndiwaimbira pa Sande.

Tiyambe ndi calculator, chifukwa ndiyo ingakugwetse pa mayeso. Iwe ukufunafuna kazilo kaja kokhala pamwamba pa nambala. Pa Casio kalipo ndithu, pa batani lija lojambulidwa kazilo ndi timizere tating'ono pambali pake. Koma imva apa. Ukafuna sin ya madigiri 30, batani limenelo usalikhudze n'komwe. Uyang'ane kachilembo kakang'ono kamene kali pamwamba penipeni pa sikirini. Pazikhala D, kutanthauza madigiri. Pakakhala R ndiye kuti makinawo akuwerenga ma radian, pakakhala G ndi ma grad, zomwe ndi njira zina zoyezera ngodya, ndipo mayankho ako onse a trigonometry adzatuluka olakwika, pamene njira yako yonse ili bwinobwino. Zili ngati iwe wayeza chimanga ndi meda, wogula akuwerenga ma kilo.

Yesa pompano. Dina sin, 30, equals. Ikakupatsa 0.5, zili bwino. Ikakupatsa -0.988 ndi manambala ena otsatira, ili pa R. Kuikonza n'kosavuta. Ngati yako ndi fx-82MS, dina MODE kawiri, kenako 1. Ngati ndi fx-82ES kapena fx-991ES, dina SHIFT, MODE, kenako 3. Ndipo mnzako akaibwereka, pobweza uonenso ngati D alipo, makamaka m'mawa wa Paper 2. Ochonga a ECZ, bungwe la mayeso la ku Zambia, sadzafunsa kuti anasintha ndani.

Tsono batani la kazilo lija, ntchito yake ndi mu Earth Geometry, pamene madigiri abwera limodzi ndi ma minute. Chipata wathuyo ali pa madigiri 13 ndi ma minute pafupifupi 38 kummwera kwa equator. Polowetsa, dina 13, batani lija, 38, batani lija kachiwiri, ndiye equals. Pa MS uona 13°38°0, kazilo paliponse. Usadabwe, ndi mmene imalembera. Ukalidinanso ikusinthira kukhala 13.6333. Chimene ndikukuletsa ndi kulemba 13.38. Ana ambiri amatero, kuiwala kuti digiri imodzi ili ndi ma minute 60, osati 100.

Za kompyuta tsopano, za project yako ija. Ukapita kokataipa ku Kapata kapena m'tauni, ona ngati kiyibodi ili ndi manambala ake kudzanja lamanja. Yatsa Num Lock, gwira Alt osasiya, dina 0176 pa manambala a kumanjawo, kenako siya Alt. Katulukira pomwepo. Manambala a mzere wapamwamba sagwira pa zimenezi, ndiye usalimbane nawo mpaka nthawi imene walipira itathe. Usasokonezenso ndi 0186, imeneyo imatulutsa china chofananako, nthawi zina chokhala ndi kamzere pansi.

Pa laputopu yopanda manambala a kumanja, ukakhala mu Word, lemba 00B0, ndiye kuti ziro, ziro, B, ziro, kenako dina Alt ndi X pamodzi. Kungoti usiye kampata pakati pa nambala yako ndi 00B0, apo ayi Word iwerenga zonse ngati chinthu chimodzi n'kukutulutsira zachilendo. Zikavutabe, pita ku Insert, Symbol, ukapeze pamenepo. Ukakapeza kamodzi, basi, ungokakopa n'kumakapaka paliponse pofunika. Ine ndimatero. Zija zolemba chilembo o n'kuchikweza pamwamba, ayi, zimaoneka zonyansa ndipo aphunzitsi a physics amazizindikira.

Pa foni ndiye phee. Ngati Tecno yako ili ndi kiyibodi ya Gboard, dina ?123, kenako batani lotsegula tsamba lachiwiri la zizindikiro, uona kali pompo. Pa iPhone amangogwira 0 kwa kanthawi, kamabwera kokha.

Kalembedwe nakonso usakanyoze. Ngodya imalembedwa 90°, kazilo kumamatira ku nambala. Kutentha kumalembedwa 37 °C, kampata kali pakati pa nambala ndi kazilo, ndipo C ndi wamkulu. Kelvin, muyeso wina wa kutentha, ilibe kazilo, umangolemba 273 K. Atate nawonso uwathandize pa kapepala kaja ka pa incubator ya mazira, palembedwe 37.5 °C moonekera bwino, kuti aliyense wotsala pakhomo asamachite kufunsa.

Ukatha kuyesa, jambula sikirini ya calculator ikuonetsa sin 30 unditumizire pa WhatsApp, ndione ndekha kuti pamwamba pali D. Ujambulenso pamene palembedwa dzina la model yake, kuti ngati ndi mtundu wina ndikuuze mabatani ake enieni. Ndalama ya bundle nditumiza kwa amayi madzulo ano.